Munthu ndi Nyumba m'Chithunzi: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Mau Oyamba

Mwa zipangizo zonse zimene mphunzitsi amaloŵa nazo m'kalasi, chithunzi ndicho ana amachikhulupirira msanga. Mau a mphunzitsi angathe kuŵakayikira, koma chimene achiona ndi maso ao amachitenga kuti ndicho choona. Ambiri mwa ana amene tidzaŵaphunzitse sadzafika ku Egypt kukaona mapiramidi, ndipo ena adzamaliza Sitandade 8 asanaonepo nyumba yosanjikizana. Kwa ana otere chithunzi cha m'buku ndiye mboni yokhayo imene ali nayo. Mboniyo ikanama, kapena ifeyo tikalephera kuifunsa bwino, mwana adzakula ndi maganizo olakwika pa za kukula kwa zinthu ndi moyo wa anthu a kwina.

Chithunzi sichidzijambula chokha. Pali munthu amene adasankha poima, adasankha nthaŵi, adasankhanso zoloŵa m'chithunzimo ndi zotsala kunja. Kuika zinthu m'malo mwake kotereku tikutcha kasanjidwe ka chithunzi. M'nkhani ino tiona kasanjidwe ka zithunzi za nyumba ndi zomangamanga zina, makamaka ntchito imene munthu amagwira akaoneka m'chithunzi chotere. Cholinga chathu n'choti inu amene mukuphunzira uphunzitsi muzitha kusankha zithunzi zoyenera, muzitha kutsogolera ana poziŵerenga, ndiponso muzitha kujambula zanu pamene buku lilibe chimene mukufuna.

Miseu yopanda anthu

Luso lojambula ndi kamera lidayambira pa nyumba, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: nyumba sigwedezeka. Chithunzi chakale koposa chimene chidakalipo mwa zojambulidwa ndi kamera ndi cha Nicéphore Niépce wa ku France. Adachijambula pa zenera la nyumba yake cha m'ma 1826 kapena 1827, ndipo chimaonetsa madenga ndi makoma. Kuŵala kudayenera kuloŵa m'kamera kwa maola ambiri kuti chithunzicho chigwire.

M'chaka cha 1838 Louis Daguerre adajambula mseu wotchedwa Boulevard du Temple mu mzinda wa Paris. Unali mseu wodzaza ndi ngolo, akavalo ndi anthu oyenda pansi, komabe m'chithunzicho mseu uli mbee. Kamera yake inkafuna mphindi zingapo kuti igwire chinthu, motero chilichonse choyenda chidadutsa osasiya chizindikiro. Kumunsi kwa chithunzicho kuli munthu mmodzi amene adaima nthaŵi yaitali, mwendo umodzi atautukula, popeza ankamupukutira nsapato. Ameneyu amaŵerengedwa kuti ali m'gulu la anthu oyamba kuoneka m'chithunzi cha kamera.

Chithunzi chimenechi n'chabwino kuyambira nacho pophunzitsa, pakuti chimaonetsa poyera kuti kusoŵa kwa anthu m'chithunzi sikutanthauza kuti pamalopo panalibe anthu. Nthaŵi ya Daguerre chidaŵachotsa anthuwo ndi kuchepekedwa kwa makina. Pambuyo pake makina atakhala achangu, ojambula ena adapitiriza kuŵachotsa mwadala. Mwana amene wamvetsa mfundo imeneyi wayamba kufunsa funso loyenera: kodi chatsala kunja kwa chithunzichi n'chiyani?

M'chaka cha 1851 bungwe la boma la France loyang'anira nyumba zakale lidatuma ojambula asanu, Édouard Baldus, Hippolyte Bayard, Gustave Le Gray, Henri Le Secq ndi Auguste Mestral, kuti ayendere dzikolo n'kujambula matchalitchi, milatho ndi malinga ofunika kukonzedwa. Apa chithunzi cha nyumba chidayamba kugwira ntchito ya umboni. Ntchito yomweyo ndiyo chimagwira m'mabuku a Jogalafe ndi Mbiri Yakale amene timaphunzitsira.

Munthu ngati muyeso

Ntchito yoyamba ya munthu m'chithunzi cha nyumba ndiyo kuonetsa kukula kwa nyumbayo. Diso silingadziŵe kutalika kwa khoma pa pepala ngati palibe chinthu china chodziŵika msinkhu choti lifanizire. Nkhokwe ndi nsanja yaitali zingaoneke zofanana zikajambulidwa modzaza pepala. Koma msinkhu wa munthu aliyense amaudziŵa, ngakhale mwana wa Sitandade 1.

Maxime Du Camp, amene adayenda m'dziko la Egypt ndi Nubia kuyambira 1849 mpaka 1850, adaizindikira mfundoyi. Pojambula akachisi akale ankauza mmodzi wa amalinyero a ngalaŵa yake kuti akwere pa miyala n'kuima chilili. Ziboliboli za Mfumu Ramesses II ku Abu Simbel n'zotalika mamita pafupifupi 20, koma nambala imeneyi sigwira mtima kufikira titaona kamunthu kakang'ono pambali pa nkhope ya mwala. Zithunzizi zidatuluka m'buku m'chaka cha 1852.

Pali lamulo limodzi loyenera kulisunga. Munthu woyezerayo aime pa mtunda wofanana ndi wa khoma limene tikuyeza, kuchokera pamene pali kamera. Chinthu chikatalikira kaŵiri, m'chithunzi chimachepa ndi theka. Chikayandikira ndi theka la mtunda, chimakula kaŵiri. Tiyeni tione chitsanzo chimene mungachite ndi ana a Sitandade 7 pa phunziro la Masamu.

Tiyerekeze kuti mwana wotalika mita imodzi ndi theka waima chotsamira khoma la tchalitchi. Pa chithunzi msinkhu wake ndi masentimita 2, ndipo khomalo ndi masentimita 8. Khoma laposa mwanayo kanayi, choncho kutalika kwake ndi mamita 6. Tsono mwana yemweyo achoke pakhomapo n'kudzaima pakatikati pa khoma ndi kamera. Msinkhu wake pa chithunzi udzakhala masentimita 4, pamene khoma lidzakhalabe masentimita 8. Woŵerengera mosasamala adzati khomalo ndi mamita 3 okha. Nyumba siidasinthe, mwana sadasinthe. Chasintha ndi poima mwanayo. Ndi njira imeneyinso alendo okaona nsanja yopendekeka ya ku Pisa amajambulitsira ngati akuichirikiza ndi dzanja.

Chotero posankha chithunzi choonetsa ana, tiyang'ane pamene pali mapazi a munthuyo. Ngati mapazi ali pa tsinde la khoma, muyesowo ndi wodalirika. Ngati ali pafupi ndi ife kusiyana ndi khomalo, tiŵachenjeze ana.

Palinso china chimene zithunzi za Du Camp zimatiphunzitsa. Mmalinyero uja adaikidwapo monga momwe timaikira ndodo yoyezera. Nkhope yake sioneka, ndipo woona chithunzi saphunzira kanthu za moyo wake. Zithunzi zambiri za m'nthaŵi ya atsamunda zidaŵaika anthu a mu Africa m'njira imeneyi. Ana a makalasi apamwamba angathe kukambirana ngati munthu m'chithunzi chakutichakuti waikidwamo ngati mwini malo kapena ngati chida chabe.

Poima wojambula

Kasanjidwe ka chithunzi kamayamba ndi mapazi a wojambula. Asanakhudze kamera ayenera kuizungulira nyumbayo, kuiona cha kutsogolo, cha pangodya ndi cha patali.

Akaima moyang'anizana ndi khomo, pakati penipeni, mbali ya kumanja imalingana ndi ya kumanzere. Chithunzi chotere chimaoneka chodekha ndi chaulemu, ndipo chimayenera matchalitchi, mizikiti ndi nyumba za boma zimene amisiri adazimanga molinganiza mbali ziŵirizo. Kuipa kwake n'koti nyumba imaoneka yaphwatalala ngati khoma limodzi. Akaima cha pangodya, makoma aŵiri amaoneka pamodzi, ndipo woona amazindikira m'litali ndi m'lifupi mwa nyumbayo. Pophunzitsa ana za mamangidwe, chithunzi cha pangodya ndicho chimanena zambiri.

Vuto lodziŵika kwa aliyense woyamba ndi la makoma ooneka ngati akugwa chagada. Limabwera pamene wojambula waima pafupi ndi nyumba yaitali n'kupendeketsa kamera kuti denga liloŵe. Pamwamba pa khoma pamakhala patali ndi kamera kusiyana ndi pansi pake, motero pamaoneka popapatiza, ndipo mizere yoongoka imayamba kuyandikana kumwamba. Akatswiri ali ndi makamera amene diso lake limasuntha kukwera m'mwamba kamera ili chiimire choongoka. Ife amene tilibe zida zotere tingachite zinthu zitatu: kubwerera m'mbuyo, kukwera pa malo okwera monga chulu kapena khonde la nyumba ina, ndi kugwira kamera kapena foni moongoka osaipendeketsa. Pansi pakachuluka m'chithunzi, tingathe kudulapo pambuyo pake.

Kutalika kwa pamene pali kamera kulinso ndi tanthauzo. Pa malo athyathyathya, kamera ikakhala pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, mitu ya anthu onse a msinkhu wofanana imakhala pa mzere umodzi, kaya ali pafupi kaya ali patali. Chimene chimasiyana ndi pamene pali mapazi ao. Chithunzi chotere chimampangitsa woona kumva ngati waima pakati pa anthuwo. Kamera ikatsika kufika m'maondo, nyumba ndi anthu zimaoneka zazitali ndi zamphamvu. Ikakwera pamwamba, anthu amachepa ngati nyerere, koma njira zimene amayendamo pa bwalo zimaoneka bwino. Mfundo ya mitu yokhala pa mzere umodziyi imathandizanso kwambiri ana pojambula ndi pensulo, popeza ambiri amavutika poika anthu akutali m'chojambula chao.

Malo a munthu m'chithunzi

Diso la munthu limafunafuna munthu mnzake. Ngakhale nyumba idzaze pafupifupi chithunzi chonse, woona amayamba wapeza kamunthu kamene kali pakona, kenaka n'kuyang'ana kumene kamunthuko kakuyang'ana kapena kuloŵera. Wojambula wanzeru amagwiritsa ntchito chizoloŵezi chimenechi potsogolera diso ku chimene akufuna kuti tione: khomo, makwerero kapena nsanamira.

Langizo lakale, limene ojambula ndi utoto ankalidziŵa kamera isanabwere, ndi logaŵa chithunzi patatu m'litali ndi patatu m'lifupi ndi mizere ya m'maganizo, n'kuika chinthu chofunika pamene mizereyo yadutsana. Mafoni ambiri a masiku ano amaonetsa mizere imeneyi pa galasi lake munthu akafuna. Ili ndi langizo lothandiza woyamba, ndipo tisaliphunzitse ngati lamulo losaphwanyika. Munthu woima pakati pa khomo la nyumba yolingana mbali zake amakhalanso pamalo pake.

Munthu woyenda amafuna mpata kutsogolo kwake. Akakhala kumapeto kwa chithunzi akutuluka, diso la woona limatuluka naye n'kuisiya nyumba. Munthuyo ayeneranso kusiyana ndi chimene chili kumbuyo kwake: wovala zoyera aoneke pa mthunzi wa khonde, wovala zakuda aoneke pa khoma lopaka laimu. Tisamale kuti mzati kapena mtengo usaoneke ngati wamera pamutu pake. Tisamuikenso m'mphepete mwenimweni, chifukwa diso la kamera ya foni, limene limaona malo otakata, limakoka ndi kupotoza zinthu za m'mbali.

Chitsanzo chotchuka ndi chithunzi cha Henri Cartier-Bresson chojambulidwa ku Hyères m'chaka cha 1932. Iye adaima pamwamba pa makwerero okhotakhota okhala ndi zitsulo zogwirira, ndipo pansi pake mseu nawonso udakhota. Pa mpata umene udatsala pakati pa zitsulo ndi khoma pakudutsa munthu wa panjinga, wosaoneka bwino chifukwa cha liŵiro. Tikabisa wanjingayo ndi chala, chotsala ndi makwerero opanda nkhani. Njira imene tikuphunzirapo ndi yosanja nyumba poyamba, kusiya mpata, kenaka kudikira kuti munthu aloŵe pampatapo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuŵala ndi nthaŵi

Khoma la njerwa limaoneka bwino dzuŵa likamaliomba cha m'mbali, m'maŵa kapena chakumadzulo, pakuti njerwa iliyonse imakhala ndi kamthunzi kake. Dzuŵa la masana limagwetsa mthunzi wa denga pa khoma lonse ndi kudetsa maso a anthu. Popeza Malaŵi ali kumwera kwa Ikweta, m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuŵa limadzera cha kumpoto, motero makoma oyang'ana kumpoto ndiwo amaŵala, pamene oyang'ana kumwera amakhala mu mthunzi. M'mwezi wa Disembala dzuŵa limapendekera pang'ono kumwera. Mphunzitsi amene wajambula khoma limodzi la kalasi yake mu Juni ndi mu Disembala, pa ola lofanana, wapeza kale chothandizira phunziro la nyengo.

Kamera ili ndi kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka kuti kuŵala kuloŵe. Kakatseguka kwa gawo limodzi la magawo 250 a sekondi, munthu woyenda amaoneka ataima nji. Kakatseguka kwa gawo limodzi la magawo 8 a sekondi, kamera itakhazikika pa chinthu chosagwedezeka, nyumba imaoneka bwinobwino koma woyendayo amakhala ngati utsi. Ojambula nyumba ambiri amaikonda njira yachiŵiriyi, chifukwa imaonetsa kuti pamalopo pali moyo popanda nkhope yokopa diso kuchoka pa nyumba.

Anthu akhalemo kapena asakhalemo?

Pa funso ili akatswiri sadagwirizane, ndipo mbali zonse ziŵiri zili ndi zifukwa zomveka.

Frederick H. Evans wa ku England ankajambula matchalitchi aakulu opanda munthu. M'chaka cha 1903 adajambula makwerero a mwala a mu tchalitchi cha Wells, chithunzi chimene adachitcha A Sea of Steps chifukwa makwererowo amaoneka ngati mafunde a nyanja. Mulibe munthu, komabe miyalayo idaperepeseka pakati chifukwa cha mapazi a anthu a zaka mazana ambiri. Apa munthu akudziŵika ndi zimene adasiya. Kuyambira 1959, Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany adajambula matanki amadzi, nsanja za m'migodi ndi ng'anjo za m'mafakitale. Ankasankha tsiku la mitambo kuti pasakhale mithunzi, ankaima moyang'anizana ndi chinthucho, ndipo sankalola anthu kuoneka. Zithunzizo ankazindandalika pamodzi kuti woona afananitse thanki ina ndi inzake. Pa cholinga chofananitsa maonekedwe, munthu akadangosokoneza.

Mbali inayo kuli Julius Shulman wa ku America. M'chaka cha 1960 adajambula usiku nyumba ya magalasi imene Pierre Koenig adailemba mapulani, yomangidwa pa phiri loyang'ana mzinda wa Los Angeles. Pa ngodya ya nyumbayo, imene ikuoneka ngati yalenjekeka m'malere, pakhala atsikana aŵiri ovala zoyera akucheza, ndipo pansi pao magetsi a mzinda ayala mpaka kutali. Chithunzichi chidakonzedwa mosamala: kamera idatsegulidwa kwa mphindi zingapo nyumba ili mu mdima kuti igwire magetsi a mzinda, kenaka adaŵalitsa m'katimo kuti atsikanawo aoneke. Kukhala kwao modekha kukuuza woona kuti nyumba yooneka yoopsayo ndi yoti munthu angakhalemo mosatekeseka. Tizindikire kuti anthu otere adachita kuikidwa. Akutionetsa moyo umene womanga ankaulakalaka.

Iwan Baan wa ku Netherlands, wobadwa mu 1975, adatsata njira ina, yojambula anthu monga aŵapezera. Ntchito yake yodziŵika ndi ya nyumba ya nsanjika 45 yotchedwa Torre David mu mzinda wa Caracas ku Venezuela. Ntchito yoimanga idaima mu 1994 isanathe, ndipo kuyambira 2007 mabanja osoŵa pokhala adaloŵamo, namanga zipinda ndi timasitolo m'kati mwake ngakhale munalibe zikepe zokwerera. Chionetsero chimene chidali ndi zithunzi zimenezi chidalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice mu 2012, ndipo boma lidayamba kusamutsa anthuwo mu 2014. Popanda anthu, nyumba imeneyi ikadangooneka ngati chigoba cha simenti.

Kwa ife aphunzitsi, chitsanzo choyandikira ntchito yathu ndi sukulu ya pulaimale ya m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, imene Francis Kéré adailemba mapulani ndipo idatha mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa za dothi, ndipo denga la malata lidakwezedwa pamwamba kuti mphepo izidutsa ndi kuchotsa kutentha. Anthu a m'mudzimo ndiwo adaimanga. Chithunzi choonetsa ana atakhala mu mthunzi wa dengalo chimafotokoza chifukwa chake denga lidatambalala chotero, zimene chithunzi chopanda ana sichingathe. Kéré adalandira mphotho ya Pritzker mu 2022, woyamba wa mu Africa kuilandira.

Yankho lake tsono lagona pa cholinga cha phunziro. Tikafuna kuti ana afananitse mitundu ya madenga kapena kayalidwe ka njerwa, tisankhe zithunzi zopanda anthu, zojambulidwa mofanana. Tikafuna kuti adziŵe kukula kwa nyumba, pakhale munthu mmodzi pa tsinde la khoma. Tikafuna kuti amvetse ntchito ya nyumbayo, pakhale anthu akuigwiritsa ntchito.

Kutengera mfundozi m'kalasi

Sipafunika kamera kuti ana aphunzire kasanjidwe. Phunziro lotsatirali lingakwane nthaŵi ziŵiri zophunzirira, ndipo liyenera Sitandade 6 mpaka 8.

Zofunika: zikatoni zakale, lumo kapena sizasi yogwira mphunzitsi yekha, rula, mapensulo, mapepala, ndi zithunzi zitatu kapena zinayi za nyumba zodulidwa m'makalendala kapena m'nyuzipepala.

1. Onetsani chithunzi chokhala ndi munthu, koma mutambisa ndi kapepala. Funsani ana kuti khomalo n'lotalika motani, ndipo lembani mayankho ao pa bolodi. Chotsani kapepalako, funsaninso. Kusiyana kwa mayankho ndiko phunzirolo, musafulumire kulongosola.

2. Funsani mafunso ofuna kuganiza: Wojambula adaima kuti? Linali dzuŵa la nthaŵi yanji, ndipo tadziŵa bwanji? Munthuyu adachita kuikidwa kapena adangopezeka? N'chiyani chingakhale kunja kwa chithunzichi?

3. Patsani gulu lililonse kachikatoni koboola pakati, bowo lake la masentimita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Tulukani nawo panja. Atseke diso limodzi, ayang'ane kalasi yao kudzera pabowopo, cha kutsogolo, cha pangodya, chokhala pansi ndi choimirira.

4. Mwana mmodzi aime pa khoma, kenaka ayende pang'onopang'ono kubwera kwa anzake. Oyang'anawo anene pamene mutu wake waoneka ngati walingana ndi denga.

5. Aliyense ajambule ndi pensulo zimene wasankha, n'kulemba ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chake waika munthu pamene wamuikapo.

Cholakwa chimene mudzachipeze kaŵirikaŵiri n'chojambula munthu wamkulu kuposa chitseko. Musangochonga ndi inki yofiira. Mtumeni mwanayo akaime pa chitseko cha kalasi, anzake amuuze mpata umene watsala pamwamba pa mutu wake.

Amene mudzaphunzitse pafupi ndi nyumba za mbiri yakale muli ndi mwaŵi wina. Ku Blantyre kuli nyumba ya Mandala ya m'chaka cha 1882, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mapulani ake adachokera kwa M'busa David Clement Scott, amene sadaphunzire za umisiri wa nyumba, ndipo oumba njerwa ndi omanga adali anthu a konkuno. Pa chilumba cha Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene ntchito yake idayamba mu 1903. Poonetsa zithunzi za nyumba zotere, ana amamva dzina limodzi lokha, la mmishonale. Mutu umodzi susenza denga: afunseni kuti adaponda dothi ndani, adatema nkhuni zootchera njerwa ndani, adasenza madzi ndani. Komanso musanyoze zimene zili pafupi: nkhokwe, khola la nkhunda, chigayo ndi mlatho wa pamudzi zili ndi zophunzitsa zomwezo.

Chilolezo ndi ulemu

Munthu amene tamuika m'chithunzi ali ndi ufulu wake. Tisanajambule ana a sukulu tipemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa makolo, ndipo tinene momveka kumene chithunzicho chikagwire ntchito. Chithunzi cha foni chimafalikira msanga pa intaneti, ndipo chikapita sichibwezeka. Motero zithunzi zoonetsa nkhope za ana zisatumizidwe pa masamba a mchezo, ndiponso zisalembedwe maina ao. Mwamwaŵi, pa ntchito yoonetsa kukula kwa nyumba nkhope siifunika: munthu wojambulidwa cha kumbuyo kapena cha patali amakwanira.

Pa nyumba zopemphereramo tiyambe taonana ndi akuluakulu a pamalopo, ndipo pa manda ndi pa malo a miyambo tifunse kwa mfumu. Malo a asilikali ndi ena otetezedwa tisaŵajambule. Pojambula nyumba ya munthu wosauka kapena kalasi yong'ambika, tidzifunse ngati mwini wakeyo angakondwe kuona chithunzicho chitapachikidwa pa khoma.

Mau Otsiriza

Pokonzekera ntchito yoyeserera kuphunzitsa ya chigawo chikudzachi, aliyense wa inu asonkhanitse zithunzi zisanu za nyumba, azimate pa zikatoni zolimba, ndipo kumbuyo kwa chilichonse alembe dzina la malo, chaka chimene nyumbayo idamangidwa ngati chikudziŵika, ndi mafunso atatu ofunsa ana. Mwa zisanuzo, chimodzi chikhale chopanda munthu, china chikhale ndi munthu woima pa tsinde la khoma, ndipo china chionetse anthu ali pa ntchito. Muzionetsane m'magulu musanapite nazo kwa ana, ndipo mnzanu ayese kutchula kutalika kwa nyumba iliyonse. Chithunzi chimene chasokoneza mphunzitsi mnzanu chidzasokonezanso mwana, choncho muchisinthe kapena muchikonzere mau ochenjeza.